Chitsulo cha M'chitseko

Mkamwini wanga anabwera nayo masana galimoto imene anali atangogula, akuliza hutala kuyambira pageti ngati tonse pagalaja ndife ogontha. Mwana wanga wamkazi anatsika pang'onopang'ono, dzanja lili pamimba ya miyezi isanu ndi iwiri.

"Bambo, tayioneni," anatero iye. "Mawa indiperekeza kusikelo."

Ndakalambira pa ntchito yowongola magalimoto ophwanyika, ndipo penti yonyezimira sindinayikhulupirirepo. Ndinatsegula chitseko cha mbali imene amakhala mwana wanga n'kuchitsekanso. Chinalira ngati chitini chopanda kanthu.

Ndinamasula chophimba cha mkati. M'chitseko mumayenera kukhala chitsulo chopingasa. Kutsogolo munthu amatetezedwa ndi injini, kumbuyo kuli buti, koma galimoto ina ikakugunda m'mbali, choima pakati pa bampala yake ndi nthiti zako ndi chitsulo chimenechi basi. Munalibe. Munangotsala tizidutswa tiwiri, todulidwa mopendekera monga amadulira munthu wamanzere.

Ine ndine wamanzere. Ndinaizindikira galimotoyo. Chaka chatha inali yofiira, ndipo inabwera pano itagundidwa. Chitsulo chinapindika, galasi linkakana kukwera, mwini wake ali pakhosi panga kuti ndifulumire. Ndinachidula, ndikudziuza kuti palibe adzasuzumiremo.

"Pali vuto, bambo?" anafunsa mkamwini. "Wogulitsa uja analumbira kuti sinachitepo ngozi."

"Mwana wanga sakweranso umu."

Nkhope yake inagwa. "Mukuinyoza poti ndi yakale? Mkazi wanga ndimuyendetsa ndine, ndipo sindithamanga."

"Wodzakugundayo sadzafunsa ngati umathamanga."

Anatsegula chitseko chakumbuyo n'kuuza mkazi wake kuti alowe azipita. Chitsulo cha m'menemo nachonso ndinali nditachidula. Ndikanatha kumukankhira mlandu wogulitsa uja, ndipo bodzalo linafika mpaka pamilomo. Koma mkamwini akanangopita kukakangana naye ali m'galimoto yomweyo, mwana wanga ali pambali pake. Ndinachita mantha, ndinachitanso manyazi.

"Ndinadula ndine," ndinatero. "Zitseko zonse ziwiri."

Mwana wanga anachotsa phazi limene anali atalowetsa kale. Sanakalipe. Anayang'ana tizidutswa tija, kenako anayang'ana ine.

"Bambo, ndi magalimoto angati amene munawatero?"

Ndinayamba kuwakumbukira, ndipo nditafika pa yachisanu ndi chinayi ndinaleka. Sindikudziwa kuti akukweramo ndi ana a ndani.