Kabokosi ka Madamu a Priscilla

Nyumba ya madamu a Priscilla ku Camps Bay, mumzinda wa Cape Town, inali ndi mageti awiri, mawaya amagetsi pamwamba pa mpanda, ndi anthu awiri okha m'kati: madamuwo ndi Esnart. Madamu anali a ku America, amasiye a zaka makumi asanu ndi atatu, oyenda pa chikuku chiwagwereni sitiroko. Esnart anali wa ku Ntcheu, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndiye ankawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza pabedi. Mwana wa madamu, Donald, ankakhala ku America konko. Chaka chilichonse ankati akubwera pa Khirisimasi, ndipo chaka chilichonse kunkabwera mabokosi.

Chaka chimenecho Esnart anali ndi chake chomudya mumtima. Mwana wake mmodzi yekhayo, Mwawi, anali ndi chinkhoswe Loweruka pa 21 Disembala. Anamusiya kali kamtsikana ka Folomu 1, lero ati akulowa m'banja!

"Amayi, mubwera eti?" ankafunsa Mwawi pafoni.

"Ndiona, mwanawe."

Aona chiyani, abale inu? Nkhalamba yosatha kudzitungira madzi akanaisiyira ndani? Kamodzi kokha, akuwapesa tsitsi, anailowetsa nkhaniyi chamseri, kutchula tsiku ndi dzina la mwana. Madamu anangoti "Oo," n'kuyang'ana kunyanja. Esnart sanaibwerezenso.

Pa 1 Disembala anatulutsa mtengo wa pulasitiki m'galaja, monga mwa chaka chilichonse. Kunja dzuwa likuswa mtengo, koma madamu ankafuna thonje pa nthambi kuti lioneke ngati chipale chofewa cha kwawo. Esnart anali pa mpando akukoleka timipira, ndipo nkhani ija inayambika.

"Ukudziwa, Esnart, agogo anga ankati pa nthawi yawo m'banja mwathu mphatso sankakulunga. Ankangopatsana pamanja pa Chaka Chatsopano, kampango kosoka okha kapena kabotolo ka jamu. Ine ndili mwana ndinkapeza lalanje limodzi m'sokosi. Limodzi! Ndinkalinunkhiza masiku atatu ndisanalisende. Kenako kunabwera mabuku a zithunzi za katundu, mayi anga n'kumaitanitsa zinthu papositi kudakali mwezi, n'kumatapo kapepala koti osatsegula mpaka Khirisimasi. Lero Donald amangodina foni, munthu wosandidziwa ndiye amandikulungira."

Nkhani imeneyi Esnart ankaidziwa ngati katekisimu. Koma lamulo lake analiphunzira mowawa. Chaka chake choyamba anatumbula bokosi la Donald ndi mpeni kuti ataye makatoni, ndipo madamu analira ngati wawaphera mphaka. Chiyambire pomwepo ankadziwa kuti m'nyumba muno chokulungidwa chimadikira m'mawa wa pa 25.

Atatsika pampando, madamu anapisa dzanja lawo labwinolo pansi pa bulangete la pamiyendo n'kutulutsa kabokosi kopyapyala, ka pepala lobiriwira ndi riboni yofiira. Zaka zonse mphatso ya Esnart, kaya ndi silipasi kaya mafuta odzola, inkaikidwa pansi pa mtengo. Aka anamupatsa pamanja.

"Aka n'kako," anatero, maso ali pa iye, akudikira.

Esnart anapinda maondo n'kulandira ndi manja awiri. "Zikomo kwambiri, madamu. Mulungu akudalitseni." Kenako anakalowetsa m'thumba la epuloni. Nanga akanatani? Kwawo munthu wong'amba mphatso pamaso pa wopereka ndi wosusuka, wosaleredwa. Umathokoza, n'kukaika m'nyumba. Madamu anatsegula pakamwa ngati anena kanthu, n'kutsekanso. Madzulo ake kabokosi kanalowa m'sutikesi, pansi pa zitenje zomwe Esnart anagulira Mwawi chaka chathachi koma osapeza wopita kumudzi.

Masiku otsatirawo madamu anasanduka munthu wina. Kabelu kawo kankalira kosalekeza. Pilo watsika, katani atsekedwe, ayi atsegulidwe. Esnart akabwera, ankamugwira dzanja nthawi yaitali osanena chomwe amuitanira. Pa 18 anakana chakudya, tsiku lonse maso ali pa wotchi ya pakhoma, ndipo itakwana 2 koloko anapempha kuti awagoneke moyang'ana kukhoma. Esnart anaganiza kuti ndi kusowa Donald. Anawamvera chisoni, mpaka anawaphikira supu wa nkhuku amene amaukonda. Ha, mtima wabwino umapusitsa munthu!

Tsiku la chinkhoswe anadzitsekera m'chipinda chochapira zovala, foni ataiimika pa botolo la sopo. Mng'ono wake kumudzi ndiye ankamuonetsa. Chithunzi chinkadukaduka, koma anaona ndithu: ankhoswe akusinthana tambala ndi thadzi, azimayi akululutira, Mwawi atazyolika m'chitenje chabuluu. Pampando wa mayi wa mwana panakhala mlamu wake, mkazi yemwe sanamugulirepo Mwawi ngakhale pensulo, atamanga duku lalitali ngati iye ndiye anamva zowawa za kubala. Esnart anaphimba pakamwa ndi thaulo la madamu kuti kulira kusamveke. Pomwepo kabelu kanalira, ndipo anadula foni.

Madzulo Mwawi analemba mawu ochepa. "Zayenda bwino amayi. Musadandaule, tinazolowera."

Bola akanamutukwana. Mawu akuti tinazolowerawo anamukhala pakhosi masiku anayi.

M'mawa wa Khirisimasi anawasambitsa madamu, kuwaveka diresi lofiira, n'kuwakankhira pafupi ndi mtengo. Anatsegula mabokosi a Donald limodzilimodzi. Munali bulangete lamagetsi, m'kutentha kumeneku! Munalinso khadi yogulira zinthu m'sitolo yomwe ku Cape Town kulibe. Kenako Esnart anathamangira kuchipinda chake n'kubwera ndi kabokosi kaja, akumwetulira, kuti madamu aone kuti mwambo wa kwawo anaugwira.

"Ndadikira, madamu. Sindinasuzumire n'komwe."

Nkhope ya madamu inayera ngati ufa. "Esnart, kasiye kaye. Timwe tiyi."

Koma riboni inali itamasuka kale. Anachotsa pepala mosamala osaling'amba, chifukwa madamu ankasunga mapepala a chaka chamawa. M'katimo munali chipepala chopinda patatu ndi kakalata ka zilembo zonjenjemera. Anayamba ndi kakalatako. Pita ukamuone mwana wako. Nesi wondisamala ndamupeza kale.

Chipepalacho chinali tikiti ya ndege, m'dzina lake lonse monga lilili m'pasipoti. Kunyamuka Cape Town pa 18 Disembala, 2 koloko masana.

Esnart anawerenga kawiri. Anakhala pansi pa kapeti pakati pa makatoni. Masiku onsewo ulendo wake unali m'sutikesi, pansi pa zitenje za Mwawi, iye akugona pambali pake!

"Mayo ine," anatero chapansipansi. "Uchitsiru wangawu. Bwanji osatsegula?"

"Kwathu chopatsidwa pamanja timatsegula pomwepo," anatero madamu. "Ndinkaganiza kuti utsegula."

"Inu ndi amene munandiphunzitsa kudikira, madamu."

Atatero, china chake chinamugunda m'mutu. Anakumbukira pakamwa paja potseguka n'kutsekanso. Anakumbukira wotchi ya pa 18, ndi supu uja. Anadzutsa mutu.

"Nanga nesiyo ali kuti? Bwanji sanabwere?"

Madamu anayang'ana manja awo. "Ndinamuimbira pa 10 kuti asabwere."

"Ndiye kuti munkadziwa kuti sindinatsegule."

"Ndinadziwa tsiku lomwelo. Ukanatsegula ukanakuwa nyumba yonse." Misozi inayamba kutsika m'makwinya. "Ndinagula ndi mtima wonse, Esnart, Mulungu akudziwa. Koma utakaika m'thumba, ndinamva kupepuka. Ndinkati ndikuuza mawa. Mawa likafika ndinkaganiza za mlendo akundivula zovala, ndi iwe utafika kwanu n'kuona kuti palibe chobwerera kuno. Donald naye pochoka kuno anangoti akupita milungu iwiri. Ndinaopa."

Esnart anafuna kukuwa. Anafuna kugwetsa mtengo wa pulasitikiwo ndi thonje lake, kutenga sutikesi, kutsegula mageti onse awiri n'kumapita osacheuka. Anakwiya ndithu, mkwiyo woti chibadwire sanaumvepo. Koma apite kuti? Chinkhoswe chinatha, tambala anadyedwa kalekale. Kumudzi ankadya za ntchito yomweyi, ndipo ukwati wa Mwawi unali kutsogolo, ukuyang'ana iye. Komanso nkhalamba iyi, yoipa mtima kapena yamantha chabe, akanaisiya ikanafa pa chikukupo isanapezeke ndi munthu.

"Ndikugulira ina," anatero madamu. "Ya Januwale. Ya tsiku lililonse lomwe ufuna."

"Kuti ndikaone chiyani, madamu? Zithunzi?"

Kunja mphepo inkagwedeza mawaya a pampanda. Kenako wotchi inagunda 9 koloko, nthawi ya mapiritsi a magazi, omwe sadumphitsa ngakhale pa Khirisimasi.

Esnart anadzuka. Anapinda tikiti ija patatu monga inalili, n'kuibweza m'kabokosi, n'kuika kabokosiko pamiyendo pa madamu. Anapita kukhitchini, anatunga madzi m'tambula, anatenga mapiritsi awiri oyera ndi limodzi lachikasu. Atabwerera anaima chilili patsogolo pa chikuku.

Zaka zisanu ndi chimodzi madamu analandira chilichonse kuchokera m'manja awiri a mkazi uyu, maondo atapinda, ndipo tanthauzo lake ankalidziwa, chifukwa anafunsapo. Tsiku limenelo Esnart anawapatsa madzi ndi dzanja limodzi, lamanzere.