Kakhadi ka Pamfundo ya Chitenje

Foni ya Rahma idayamba kudwala iye ali pa eda, miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wa Chisilamu amabindikira pakhomo mwamuna wake akamwalira. Inkati ikayaka, iganize nthawi yaitali, kenako n'kuuma gwaa ngati chinangwa cha padenga. Ukachotsa batire n'kubwezeretsa, inkatsitsimuka pang'ono. Rahma ankaigwira ngati dzira, chifukwa m'menemo munali Swadick.

Swadick adapita ku Joni Rahma ali ndi pakati pa miyezi isanu. Adamwalira komweko ndi chifuwa cha masabata awiri okha, ndipo anzake adamuika m'mawa mwake monga mwa chipembedzo. Kumudzi kudangofika uthenga ndi chithunzi cha mulu wa dothi lofiira. Mwana wawo Awa, wa zaka zitatu, sadawaonepo bambo ake ndi maso. Chimene ankadziwa ndi mawu awo, mauthenga amene Swadick ankajambula pa Watsapu akaweruka. M'mawa uliwonse Awa sankalawa phala asanamve umodzi umene ankaukonda:

"Awa! Awa wa ababa! Wasamba? Usamavutitse amako, wamva? Ndikubweretsera nsapato zoyaka magetsi."

Kenako kaphwete, ndi hutala ya galimoto ikudutsa kumbuyo.

Eda itatha, Rahma adakonzeka zopita ku Chiponde kukakonzetsa foniyo. Mlamu wake Shakila adamuimitsa pakhomo.

"Alamu, mwachotsa memori? Anyamata okonza aja amaona zithunzi za eni. Mawa lake mudzazipeza m'mafoni a akabaza. Chotsani kakhadiko, zinthu zanu zonse zimakhala mmenemo. Ife tonse timatero."

Rahma adatenga phini, n'kukolowola kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo cha Awa. Adakakulunga m'kapepala ka shuga, n'kukamanga pamfundo ya chitenje, mfundo ziwiri.

Kashopu ka Che Latif, fundi wa mafoni, kanali pafupi ndi mzere wa malole odikira kuwoloka malire. Mkati munali fumbi, fungo la waya wopsa, ndi kompyuta yaikulu yopanda chivindikiro, matumbo onse panja. Pabenchi panakhala a Davide, amene amalembera amalonda mapepala a katundu, atafungatira laputopu pamiyendo.

"Asalamu aleikumu," adatero Rahma, Awa ali kumsana.

"Waleikumu salamu, achemwali. Khalani, ndimalize ndi mkulu wovuta uyu."

"Wovuta ndine?" a Davide adakweza mawu. "Ndinabwera ndi makina ogwira ntchito. Iwe wandiikira Windozi yatsopanoyi, lero ndikuti ndisindikize pepala, ikundiuza kuti ndidikire ikudzikonza. Lole yaima panja, dalaivala akunditukwana, iyo ikudzikonza!"

"Munafuna nokha zatsopano, a Davide."

"Bwezera Windozi seveni yanga ija. Inali nkhalamba, koma yomvera. Iyi ikufuna bando tsiku lililonse ngati mkazi wachiwiri."

"Seveni adaisiya kale eni ake. Mukhala nayo nokha ngati njinga ya agogo anu."

"Ndiye netiweki yake itinso? Ndikakhala pabenchi pano ndili ku Malawi. Ndikangopita kuseri kukataya madzi, foni ikundilonjera m'Chipwitikizi, eti takulandirani ku Mozambiki. Chimbudzi chako chili kunja kwa dziko, Latif!"

Che Latif adaseka mpaka kugwira tebulo. Akusekabe, adatambasula dzanja kwa Rahma. Adaiyatsa foni ija, kuidina uku ndi uku, n'kupukusa mutu.

"Sisitemu yatopa iyi. Mpofunika kuiflasha, kutsuka zonse n'kuikamo ina. Ituluka ngati khanda lobadwa lero. Muli zofunika mmenemu?"

Rahma adagwira mfundo ya chitenje chake. Adamva kakhadi kaja kali nji pansi pa chala.

"Ndachotsa kale, a fundi. Zonse zili pano."

"Mwaona, a Davide? Azimayi a masiku ano ndi ochenjera kuposa inu a mapepala."

Adalumikiza foni ku kompyuta ndi chingwe. Pagalasi padatuluka kamzere kobiriwira, n'kumakwawa pang'onopang'ono. Amuna aja adabwerera ku mkangano wawo. A Davide ankati mphwawo wa ku yunivesite amagwiritsa sisitemu ina yaulere yosagwidwa mavairasi. Che Latif ankati yaulereyo ndi ya anthu opanda ntchito, chifukwa kuti ungomvera nyimbo uyambe walemba kalata. Rahma sankamva kanthu pa zonsezo. Adamutsitsa Awa, n'kumusendera nthochi. Mtima wake unali m'malo. Kamzere kaja kadafika kumapeto.

Foni idayaka msanga, yowala, yopepuka ngati si yomwe ija. Rahma adamasula mfundo ndi mano, n'kupereka kakhadi. Che Latif adakalowetsa.

"Eya, zanu izi. Makaswida khumi ndi awiri, ndi filimu imodzi ya karate."

Zinali nyimbo zachipembedzo zimene Swadick adaikitsa pamsika asanapite.

"Nanga mawu?"

"Mawu ati?"

"A bambo ake a mwanayu. A pa Watsapu."

Che Latif adasiya kudina. Adamuyang'ana Rahma, n'kuyang'ananso foni.

"Achemwali, za Watsapu sizikhala m'kakhadi. Zimakhala m'mimba mwa foni mwenimwenimo. Mmene tatsukamo."

"Ayi, onaninso bwino. Anandiuza kuti zonse zimakhala m'memori."

"Ndinakufunsani ine."

"Munandifunsa, ndipo ndinayankha zimene ndikudziwa."

"Si nkhani yaikulu," a Davide adalowererapo. "Muwauze bambowo ajambule ena. Ali ku Joni eti? Madzulo ano atumiza."

"Anamwalira."

M'kashopumo munkangomveka kafani ka kompyuta ndi injini ya lole panja. A Davide adatseka laputopu yawo pang'onopang'ono.

"Inna lillahi," adanong'ona Che Latif. "Mukanangonena mawu amodzi okha, mayi. Foniyi inkayakabe. Ndikanakopera zonse pa kompyuta, mphindi zisanu sizikanakwana."

Rahma sadalire. Adafunsa monga amafunsira kuchipatala, chimodzichimodzi.

"Chingachitike n'chiyani? Ndiuzeni zoti ndichite."

"Tiyese kutsekula Watsapu. Mwina zinasungidwa pa intaneti."

Adaiikamo, n'kulemba nambala ya Rahma. Panafunika manambala achinsinsi obwera pa uthenga, koma uthengawo sunkabwera. A Davide adasuzumira.

"Yathawira kutsidya iyi. Yagwira netiweki ya ku Mozambiki. Pitani nayo pachulu paja, pafupi ndi ogulitsa makala, m'pamene yathu imakoka."

Rahma adabereka mwana n'kuyenda padzuwa mpaka pachulu. Adakwera, foni ataikweza m'mwamba ngati akuonetsa wina wake kumwambako. Akabaza ankamuimbira mahutala kumufunsa ngati akupita. Patapita nthawi foni idanjenjemera. Adathamanga nayo kubwerera, akutchula manambala aja pakamwa kuti angathawe.

Watsapu idatsekuka. Munali mbee, ngati munda wolima kumene. Ngakhale dzina la Swadick munalibe.

"Imelo yanu ndi chiyani?" adafunsa Che Latif.

"Sindidziwa. Anatsekula ndi malemuwo, asanapite ku Joni."

"Pasiwedi?"

Rahma adapukusa mutu.

"Ngakhale tikanaidziwa," adatero a Davide motsitsa mawu, "ambiri kuno timazimitsa zosunga pa intanetizo. Zimadya bando."

"Nanga foni ya malemuwo?" adafunsa Che Latif. "Mauthenga amatsala mbali zonse ziwiri."

"Anzawo anaigulitsa kuti agule sanda yowaikira."

Che Latif adayesabe. Adatsekula pulogalamu ina imene ankati imafukula zofufutidwa. Idazungulira, idazungulira, n'kutulutsa zithunzi za maluwa ndi mapiri zobwera ndi foni kuchokera kufakitale. Adayesa kachiwiri. Maluwa omwe aja. Adazula chingwe, n'kupereka foni ndi manja awiri, maso ali pansi.

"Ikugwira bwino tsopano," adatero, ngati munthu wosowa chonena. "Siidzaumanso."

Rahma adakakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa malole, kudikira njinga yamoto yopita kwawo. Awa adaona foni m'manja mwa mayi ake, n'kuyamba kuikoka.

"Ababa. Ndikufuna ababa."

"Dikira, mwanangu."

"Achira ababa? Munati tikupita kukawachiritsa."

Rahma adafufuza mpaka adapeza pojambulira mawu. Adamutuma Awa kuti akatole kabokosi kofiira kamene kanali poteropo. Mwana atatembenuka, adabisa nkhope m'mpango, adakulitsa mawu mmene akanathera, n'kulankhula pafupi ndi foni. Mawu onse ankawadziwa pamtima, ndi popumira pomwe. Ngakhale kaphwete kaja adayesera kukatsanzira.

Awa atabwerera, Rahma adadina, n'kumuika foni kukhutu.

"Awa! Awa wa ababa! Wasamba? Usamavutitse amako, wamva?"

Mwana adamvetsera mpaka kumapeto, atapendeketsa mutu. Kenako adachotsa foni kukhutu, adaitembenuza, n'kuyang'ana kumbuyo kwake.

"Amenewa ndinu, amama," adatero. "Kulibe galimoto. Ikani ababa."

Rahma adalandira foni ija, n'kuchotsamo kakhadi. Wa njinga adaima patsogolo pawo, n'kufunsa ngati akupita. Rahma anali akumangabe kakhadi kaja pamfundo ya chitenje, mfundo ziwiri, osadziwa kuti akukasungiranji.