Tebulo la Kumbuyo

Ine ndine wapakamwa, ndipo sindikana. Mlongo wanga wamng'ono ndiye ayi. Ukamufunsa kanthu amayang'ana pakhoma, n'kumasisita chikhatho ndi chala chachikulu, yankho n'kudzabwera iwe utaiwala kale zomwe unafunsa. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, adokotala anatiuza kuti ali ndi otizimu, vuto lobadwa nalo lomwe limachititsa munthu kuvutika kucheza ndi anthu. Aphunzitsi ake anangoti, "Uyu ingomusungani kunyumba, musadzivutitse." Mawu amenewo ndinawasunga kukhosi zaka makumi awiri, moti ndinadzipatsa ntchito yomuyankhira paliponse: kuchipatala, m'basi, ngakhale alendo akamufunsa ngati wadzuka bwino.

Chaka chatha anamasula makina osokera a mayi athu, omwe anali atasanduka poikapo zovala. Anayala tizitsulo tonse m'mizere pansalu yoyera, tsiku lachitatu makinawo n'kuyamba kusoka. Ndiye ndinamupezera malo pashopu yokonza makina osokera, kwa mayi wina wamagalasi, wosasekaseka. Anati amuyesa mwezi umodzi. Akakanika, abwerere kunyumba kukakhala pawindo monga kale.

Tsiku lomaliza la mweziwo ndinapita naye nditakonzeka ngati loya. Shopuyo ndi kachipinda kopanikiza, konunkha oyilo, wailesi ili pafupi ndi khomo, getsi lalitali likuphethira kudenga. Ndinali nditamva kale kuti makasitomala awiri anadandaula kuti mlongo wanga sawapatsa moni, komanso kuti Lachiwiri anatuluka panja atatseka makutu, osabwerera kwa ola lathunthu. Kunena zoona, ndinali ndi mantha.

Abwanawo anatipatsa mipando, n'kutembenukira kwa iye. "Amisiri, mwezi uja watha. Inuyo ntchito ino mukuiona bwanji?"

Chala chinayamba kusisita chikhatho. Ine n'kulumphirapo.

"Mayi, mumukhululukire, ndi mmene alili. Ngakhale mutangomupatsa yosesa ndi kupukuta mawindo, ife tithokoza. Sitikupempha zambiri."

Anakweza dzanja osandiyang'ana n'komwe. "Achemwali, ndafunsa amisiri. Amayankha, koma pamafunika kudikira."

Ndinatseka pakamwa, manyazi atandigwira. Kunja kunadutsa galimoto ziwiri. Pawailesi nyimbo inatha, ina n'kuyamba. Mawu ankandiyabwa pakhosi, koma ndinapirira.

"Sindikufuna kusesa," anatero mlongo wanga, maso ali pakhoma. "Ndakonza makina khumi ndi anayi. Abwerera amodzi okha, chifukwa mwini wake amaika singano chotembenuza. Getsi ilo limalira. Wailesi imalira. Zikalira pamodzi mutu umandiwawa, makina sindiwamva. Ndikufuna tebulo la kumbuyo."

"Nanga moni wa makasitomala?" anafunsa abwanawo.

Tinadikiranso. Ulendo uno ndinangogwira chikwama changa zolimba.

"Moni muzipereka inu. Mumatha."

Mayi aja anavula magalasi n'kuseka mpaka kutsokomola. Aka kanali koyamba kuti ndione mano awo. "Chabwino. Moni ndi wanga, makina ndi anu. Getsi tisintha mawa. Gwirani uko tisunthe tebulo."

Anagwirizana awiriwo kukoka tebulo mpaka kuseri kwa mashelefu, kumene wailesi siifika. Mlongo wanga anayala nsalu yake yoyera, n'kuyamba kundandalika zipangizo, chachikulu kumanzere, chaching'ono kumanja. Ine ndinangokhala pampando paja, mtima ukundiwawa. Zaka zonsezi ndinkadana ndi aphunzitsi aja, koma tsiku limenelo amene anamupemphera ntchito ya tsache ndi ine, mlongo wake weniweni. Ndipo mawu onse aja anali nawo, anangosowa munthu woleza mtima kuti awamve.

Ataweruka tinapita pokwerera basi. Ndinamufunsa kuti, "Mawa tinyamuke nthawi yanji?" Yankho ndinali nalo kale kunsonga kwa lilime, monga mwa chizolowezi changa choipa chija, koma ndinalimeza. Basi yathu inafika, anthu anakwera, n'kunyamuka ife tili chiimire. Sindinamukoke dzanja.

"Basi ya hafu sikisi," anatero. "Ndikwera ndekha. Inu mugone, achemwali. Mumatopa."

Ndinalira pomwepo, anthu akuona. Iye sanandiyang'ane. Anapisa m'thumba la ovololo, n'kutulutsa kansalu kopukutira oyilo. Anakatembenuza kawiri kufunafuna mbali yoyera, kenako n'kundipatsa.