Kenelo ya Maxon

Makina odulira zilembo za pamatisheti mu shopu ya Annie ku Chilomoni anali akale kwambiri moti makompyuta atsopano sankawadziwa. Malemu mwamuna wake, Maxon, ndiye anachita kukonza yekha kenelo, pulogalamu yapakati imene imamvanitsa kompyuta ndi makina, n'kuipatsa dzina lake. Popanda kenelo imeneyo makinawo anali chitsulo chabe.

Lachitatu m'mawa makina anakana kudula, chikhalirecho matisheti a kwaya ya ku Machinjiri ankafunika Loweruka. Annie anaitana Bilal, wokonza mafoni pakhomo loyandikana ndi shopuyo.

"Apudeti, zokonza zobwera pa intaneti zija, yadziikira yokha kenelo yatsopano, alamu," anatero Bilal atasuzumira. "Ya achimwene ikadalipo, koma yakankhidwira kumbuyo. Ikabwera apudeti ina, iisesa ngati zinyalala. Ingozulani intaneti, nkhani ithe."

"Nanga mafulashi amabwera ndi makasitomala aja? Odzaza matenda! Kompyuta ndiisiye yopanda katemera wa pa intaneti?"

"Ndiye mukufuna zonse ziwiri? Anthu a ku Nsanje makani inu!"

"Zonse. Tsegulani foni yanuyo, tifufuze."

Annie sanali katswiri, koma ankakhala pambali Maxon akamagwira ntchito, ndipo anatolako khalidwe losathamanga. Anayamba wakopera keneloyo pa fulashi, n'kuimanga pansonga ya chitenje. Kenako Bilal ankawerenga malangizo pafoni, iye akulemba ndi zala ziwiri, mzere uliwonse kuubwereza asanadine. Anaiuza kompyuta kuti kenelo ya Maxon isakhudzidwe, ndiponso kuti poyaka iziyamba ndi imeneyo.

"Tsopano iyambitseni apudeti inayo," anatero Annie.

"Ayi alamu, mwatani kodi? Matisheti a eni ali apa!"

"Ndikaiopa lero, idzandipeza Lachisanu ndili pakati pa ntchito. Ibwere ndikuiona."

Bilal anakana kudina. Annie anadina yekha.

Mizere inathamanga pasikirini, ina ikulowa, ina ikuchotsedwa. Itatha, anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. Sikirini inangoti bii. Annie anafumbata mfundo ya chitenje ija, maso ali tong'o.

Kenako timalemba toyera tinatuluka, dzina la Maxon lili pamwamba penipeni.

Annie sanasekerere msanga. Anaika pulasitiki yofiira m'makina n'kutumiza chilembo chimodzi. Kampeni ka makinawo kanatsika, kanalira tswii, kanadula K wosalala bwinobwino.

"Ikani ayironi pamoto, a Bilal," anatero akumasula mtolo wa matisheti. "Poti mwaima pomwepo."