Chidindo cha a Msoko

"Bweretsa chidindocho," anatero bambo aang'ono, atatambasula dzanja pamwamba pa tebulo la malemu bambo anga. "Alendo afika kale, makatoni akudikira."

Chinali m'thumba mwanga, chachitsulo, chonyowa ndi thukuta. Nsapato iliyonse yotuluka m'fakitale mwathu inkadindidwa kunsi dzina limene anthu anawapatsa bambo: a Msoko. Anayambira pakhonde la sitolo ya eni, ndi singano ndi ulusi basi. Pomwalira anali ndi antchito mazana atatu. Koma lamulo lawo silinasinthe: mtundu watsopano wa nsapato ankayamba auvala okha masiku asanu ndi awiri, padzuwa ndi m'matope, asanaudinde.

"Nsapato zatsopanozi wazivalako ndani?" ndinafunsa.

"Zamakedzana zimenezo, mwanawe. Masiku ano timamata ndi guluu, kusoka kumadya nthawi." Anaseka. "Koleji inakukanika, lero ukufuna kutiphunzitsa bizinesi?"

Koleji sinandikanike. Ndinaisiya chaka chachitatu kuti ndiziwatembenuza bambo pabedi ndi kuwapaka mafuta m'mapazi, amene anatupa mpaka nsapato zawo zomwe zinawakana. Bambo aang'ono ankabwera Lamlungu lokha, atanyamula malalanje, maso ali pa wotchi.

"Ndikadinda ndekha pamaso pa alendo," ndinatero.

"Ehee! Wayamba kukula tsopano."

Anandisisita paphewa n'kutsogola. Bambo ankati munthu uzimuyambira kumapazi pomuyang'ana. Mng'ono wawoyu, zaka zonsezi ali m'fakitale ya nsapato, sanaphunzire kuyang'ana pansi. Akanaona kuti ndavala nsapato zawo zomatazo. A kapitawo, mayi amene anasoka ndi bambo zaka makumi awiri, anandipatsa peyala imodzi Lolemba. Tsikuli linali Lachinayi.

Pabwalo la fakitale anali ataimika tenti, ndipo eni masitolo ogula kwa ife anadzaza mipando. Kutsogolo kunali chithunzi chachikulu cha bambo atavala suti imene ankaida. Bambo aang'ono analankhula nthawi yaitali, napukuta misozi imene ine sindinaione.

"Achimwene sanafe," anatero. "Dzina lawo lipitirira kuyenda. Mwana wawo abwere adzadinde nsapato yoyamba!"

Ndinaimirira. Kuchokera kumbuyo kukafika kutsogolo panali mapazi makumi atatu, ndipo ndinawayenda mosafulumira. Nsapato ya kumanzere inali itamatuka kuyambira dzulo lake. Phwa. Phwa. Phwa. Kuwomba m'manja kunazilala, n'kutsala phokoso lokhalo pasimenti.

"Koma nsapatoyo ili ndi njala!" anafuula mwini sitolo wina. Anthu anaseka, kenaka anazindikira mtundu wake, kuseka n'kuthera pakhosi.

Ndinaivula n'kuiika patebulo, pansi pa chithunzi, ili yasa.

"Masiku anayi okha," ndinatero. "A Msoko sakudinda."

"Wapenga iwe?" ananong'ona bambo aang'ono, akumwetulirabe alendo. "Ndikuthamangitsa pano lero lomwe. Ukadya dzinalo?"

"Ndithamangitseni, bambo. Chidindo chipita ndi ine. Malemu anandifumbatitsa okha, inu muli panja kuyankha foni."

 Ndinalibe satifiketi, ndinalibe kwina kopita. Ndinali ndi sokosi yobooka pachala, ndipo tenti yonse inkaiona.

Kenaka ndinamva mpando ukukwekwereza. A kapitawo ankakoka kampando kakale ka bambo, kamene ankakhalira posoka pakhonde la sitolo. Anakaika pambali panga, natulutsa singano ndi ulusi m'thumba la epuloni.

"Khala pansi, mwana wa a Msoko," anatero. "Yambira kuchala. Usathinitse, chikopa chimakwiya."

Ndinakhala, nsapato ili pabondo. Bambo aang'ono ankaitana alonda, koma alondawo ankayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Antchito anayamba kutuluka m'fakitale, maepuloni ali m'chiuno, n'kuima kumbuyo kwanga.

Ndinaboola, ndinakoka, ndinaluma ulusi kuti ndidule. Unali wopaka phula, ndipo unkanunkhira manja a bambo.