Bondo la a Ertie

Bondo la a Ertie linayamba kuvuta chaka chomwe anakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri. Poyamba linkangolira ngati chitseko chakale, kenako linayamba kukana chitunda. Pachilumba chawo, kumpoto kwa zilumba zozizira za Shetland, munthu wokanidwa ndi chitunda ndiye kuti wasiyananso ndi nkhosa zake, poti nkhosa za mudzi wonse zimadyera pamodzi kuphiri. Ikafika Julaye, nthawi yometa ubweya, nyumba iliyonse ya nkhosa imatulutsa munthu ndi galu kukazikusa. Wolephera kukwera amagulitsa zake. Lamuloli palibe analilemba, koma palibenso analitsutsapo.

A Ertie anali nazo makumi atatu ndi zinayi, zonse zodulidwa kansonga ka khutu lamanzere monga ankadulira bambo awo.

"Njira zilipo ziwiri, amalume," anatero Inga, mwana wa mlongo wawo, yemwe ankawongola anthu mafupa pakachipatala ka pachilumbapo. "Mukhale pampando mpaka bondolo liume, kapena muzibwera kudziwe kawiri pa sabata."

"Dziwe liti?"

"Lilipo limodzi, ndipo mukulidziwa."

Ankalidziwadi. Mafuta atapezeka pansi pa nyanja, sitima zikuluzikulu n'kuyamba kukocheza pachilumba chachikulu, ndalama zake zinafika ngakhale kuno kumathero. Msewu unathiridwa phula, boti lowolotsa magalimoto linayamba kuyenda kangapo patsiku, okalamba anawamangira nyumba yosalowa mphepo. Zonsezo a Ertie anazilandira ndi manja awiri. Koma pamsonkhano wokambirana za dziwe losambiramo anaimirira, iwo ndi mnzawo wa paubwana a Dodie, n'kufunsa ngati anthu ozunguliridwa ndi madzi mbali zonse angasowedi madzi. Holo yonse inaseka, dziwe linamangidwabe, ndipo a Ertie anatha zaka makumi awiri osapondamo.

Panalinso china. Zaka makumi anayi zomwe anakhala m'boti la nsomba, kusambira sanakuphunzire. Bambo awo ankati m'madzi ozizira a kuno, kusambira n'kungotalikitsa imfa.

"Pitani basi," anatero akazi awo a Mima, singano zolukira zikugundana m'manja. "Madziwo amalekeza m'chiuno. Ine ndimapitako Lachinayi lililonse. Mwandiona nditamira?"

"Dodie akamva adzandiseka mpaka kumanda."

"Ndiye sankhani, bambo. Kusekedwa ndi a Dodie, kapena kuonerera nkhosa zanu zikukwera lole."

Anasankha Lachiwiri m'mawa, poti ndi tsiku lomwe a Dodie ankati amakaona miono yawo ya nkhanu. Munali mu Febuluwale, mphepo ya matalala ikuwomba cham'mbali. Kabudula wobiriwira yemwe a Mima anawagulira anamubisa m'thumba la chakudya cha nkhosa, galimoto n'kuiimika kuseri kwa sukulu.

Atakankha chitseko cham'kati, kutentha kunawalandira ngati m'khola la ng'ombe m'nyengo yozizira. Anatulukira ndi miyendo yoyera ngati nsomba yopala mamba, atagwira chitsulo cha m'mbali ndi manja onse. M'madzimo munali okalamba asanu ndi atatu. Wakumapeto, wa dazi lonyezimira, ankayesetsa kubisala kumbuyo kwa mayi wina wathupi.

"Dodie," anatero a Ertie. "Nkhanu zachuluka muno?"

"Ndi msana, mnzanga," anayankha a Dodie, madzi akuwafika m'chibwano poti anali atanyonyomala. "Achita kundikakamiza. Masabata awiri okha."

"Zaka zitatu," anatero Inga ali m'mbali mwa dziwelo.

"Munthu wosasunga mawu iwe," anatero a Ertie kwa a Dodie. "Si tinaimirira limodzi mu holo muja?"

"Tinaimirira tili ndi mafupa. Talowa, usiye kunjenjemera ngati kamwana ka nkhosa."

Analowa, phazi limodzi kaye, linalo pambuyo. Chibadwire chawo madzi ambiri chonchi anali mdani, oluma ngati galu. Awa anawakumbatira. Bondo lija linapepuka ngati lachotsedwa n'kukapachikidwa pamsomali, ndipo a Ertie anachita kulimbitsa milomo kuti a Dodie asaone kuti akumva kukoma.

"Tiyeni tizungulire, monga mwa masiku onse," anatero Inga.

Okalamba aja anatembenukira kumanzere n'kuyamba kuyenda motsogozana m'mbali mwa dziwe. A Ertie sanasunthe.

"Mukulowera kuti uko?"

"Tikuzungulira, amalume."

"Mosemphana ndi dzuwa? Pamadzi?"

Moyo wawo wonse sanakhotetsepo boti mosemphana ndi dzuwa. Doko lichepe bwanji, mafunde akule bwanji, boti limakhotera kumanja, momwe dzuwa limayendera. Wochita zina amaitanira tsoka onse amene ali nawo.

"Ili si boti, amalume."

"Koma awa ndi madzi."

Anayamba okha ulendo wakumanja, manja ali patsogolo ngati wofufuza mumdima, mpaka anagundana chifuwa ndi chifuwa ndi a Dodie.

"Iwe, mwana wa msodzi, zaka zitatu ukuzungulira chambuyo? Ndiye msanawo uchira bwanji?"

A Dodie anakanda dazi. "Kunena zoona, mtima sumakhala m'malo. Koma mwanayu ndimamuopa."

"Inenso zimandidya," anatero mayi wathupi uja, a Baabie a kumapeto kwa msewu. "Malemu amuna anga akanandiona, akanagwetsa chipewa."

Anatembenuka a Baabie, anatembenuka a Dodie, enanso mmodzimmodzi, mpaka mzere wonse unali pambuyo pa a Ertie. Inga anawayang'ana, manja ali m'chiuno.

"Zungulirani kulikonse kumene makolo anu akulolerani," anatero. "Bola muzikweza mawondo."

Madzulo ake nkhani inali itafika kale kusitolo. A Ertie sanabise kanthu. Aliyense wowafunsa ankamuuza kuti iwo maganizo awo pa dziwelo sanasinthe, koma anthu akhala akuzungulira molakwika zaka makumi awiri, ndipo pakufunika munthu wamkulu wowayang'anira. Ankapita Lachiwiri ndi Lachisanu. Pofika Epulo thumba la chakudya cha nkhosa lija analisiya, kabudula n'kumamuyanika pachingwe panja, poonekera kumsewu. Kusambira kwenikweni sanakuphunzire. Ankati zina n'zongowonjezera.

Tsiku lokusa nkhosa kunacha kwa mitambo, kamphepo kakuchokera kunyanja. A Mima anawalongedzera tiyi ndi buledi wa nyama yankhosa yowumitsa. A Ertie anayamba chitunda ndi ndodo, galu wawo ali patsogolo. Pamwala waukulu bondo linadandaula. Anaima, analisisita, analilankhula pang'ono monga amalankhulira ndi injini yokalamba, n'kupitiriza. Pamwamba penipeni sanafike. Anatenga mzere wapakati, wa m'mbali mwa kamtsinje, ndipo palibe nkhosa ngakhale imodzi inadutsa pamalo awo kubwerera kuphiri.

Masana nkhosa zonse zinali m'khola lamiyala, zikulira, zikupanikizana, ana akufunafuna amayi awo. A Ertie anatsamira pakhoma n'kumayang'ana makutu amanzere. Zawo zinalipo, ngakhale yokalamba ya nyanga imodzi yomwe ankaganiza kuti chisanu chinaitenga.

A Dodie anafika akupuma mofulumira, n'kutsamira pambali pawo. Anayang'ana gulu lonse likuzungulira m'kholamo.

"Taona, Ertie. Nkhosa zako zikuyenda mosemphana ndi dzuwa."

"Zisiye," anatero a Ertie akutsegula botolo la tiyi. "Izo zili pamtunda."