Mzere wa Pensulo ya Buluu

"Ndati fufuta zimenezi! Wamva? Fufuta pompano ndikuona!"

Azakhali anali atanyamula foniyo m'mwamba ngati agwira khoswe kumchira. Mwini foni, mdzukulu womaliza pakhomopo, amene aliyense ankangomuti Fotokope chifukwa cha ntchito yake ya kushopu, anangoima pakhomo la kukhitchini chikwama chili kumsana.

"Azakhali, imeneyo ndi imelo. Olo mufufute, komwe yachokera idakalipo."

"Usandiphunzitse iwe! Munthu wagona m'chipindamo wangotsala mafupa, ndiye ukamuuze kuti atate ake sanamire? Zaka eyite akulira, iwe ufafanize ndi kabandulo ka tsiku limodzi?"

Anatsitsa mawu, koma mochedwa. Chitseko cha agogo chinasiya kale kutsekeka bwino.

Nkhaniyo pakhomopo ankaidziwa ngati pemphero. Atate a agogo anapita kunkhondo agogo ali m'mimba. Sitima zonyamula asilikali zinkayenda m'chigulu, zamfuti zikuperekeza m'mbali, ndipo yawoyo, yachitatu pamzere, inaphulitsidwa patatha masiku sikisi ichokereni padoko. Umboni unali pabalaza, mu felemu: fotokope ya mndandanda wa okwera, imene malemu bambo ake a Fotokope anaitanitsa kalekale. Dzina lili pa namba 114. Pambali pake chithunzi cha mwamuna wamtali, nkhope yosalala, chipewa chopendekeka.

Vuto, Fotokope ntchito yake ankaidziwa. Kangati makasitomala kumukalipira kuti mashini adya zolemba zawo, iye n'kumawafotokozera kuti pensulo ya buluu mashini akale saiona, imangodutsa ngati mzukwa. Ndiye tsiku lina akupukuta fumbi pa felemu ija anaona kuti zilembo za pa 114 n'zodukaduka pakati, ngati zinapondedwa ndi chinthu chosaoneka. Basi mtima sunakhalenso pansi. Miyezi itatu, shopu ikangoti zii, iye ali pa foni, kulemberana ndi osunga mafayilo a asilikali, kutsata sitimayo doko ndi doko. Lero masana ndiye sikani yooneka mitundu yonse inalowa.

Mzere wa buluu unali utadula dzinalo. M'mbali analemba kuti watsitsidwa, malungo, kutatsala tsiku limodzi kuti sitima inyamuke. Pansi pake, ndi pensulo yomweyo, panali dzina lina ndi namba ina: munthu amene anangomutola padokopo kuti atseke mpata. Atate a agogo anakwera sitima ya m'chigulu china patapita masabata atatu, anakafika bwinobwino, nkhondo itatha anatsikira padoko lina. Kwawo sanapondekonso.

"Mkazi wanga!" Anali mawu a agogo, osasa. Ndi mmene ankamuitanira Fotokope chiyambire ali kamwana. "Bwera nayo kuno foniyo. Iwe mwana wanga, mpatse."

Azakhali anaiponya patebulo. "Ukawapha, maliro ake uyendetsa wekha," ananong'ona, komabe anamutsatira.

M'chipindamo munkanunkha mankhwala opaka. Makatani anali otseka ngakhale dzuwa linali lisanalowe. Beseni linali lovundikira pakona, poti agogo salola madzi kukhala m'chipinda chawo, olo a m'kapu. Chiyambire ubwana wawo, akangoti tulo pang'ono, kaya masana, pamabwera munthu n'kuima kumiyendo kwa bedi, yunifomu ili chonyowa, madzi akudontha, osayankhula. Ana onse pakhomopo anakula akudziwa kuti amenewo ndi atate a agogo.

"Ndamva zonse, makoma ano ndi a pepala," agogo anatero. "Winayo, wolowa m'malo. Analemba maonekedwe ake?"

Fotokope anayang'ana azakhali, kenako foni. Khadi la munthuyo anali nalo, linabwera limodzi ndi mndandanda, koma sanaliwerenge bwino. Anakulitsa zilembo.

"Zaka naintini. Wamfupi. Chipsera patsaya lakumanzere, kuchokera pakhutu mpaka pachibwano." Anasunthira m'munsi mwa khadilo. "Pamene amalemba wachibale woti adziwitsidwe zikavuta, sanalembepo kanthu."

Agogo anatseka maso. Mpweya wawo unkamveka ngati wina akukoka thumba pasimenti.

"Ndi yemweyo."

"Ababa, ndi matenda awa, musamayankhule zotere," azakhali anatero.

"Ine ndinkadabwa. Pachithunzi paja munthu ngwamtali ngati mlongoti, uyu wobwerayu mutu sufika pa swichi ya magetsi apo. Ndinkati mwina madzi amafupikitsa munthu. Chipseracho ndinkati ndi chitsulo cha sitima." Anaseka pang'ono, kuseka kwawoko n'kusanduka chifuwa. "Ndakhala ndikumuti atate, kamnyamata ka naintini. Shuwa wandipirira."

Fotokope anayang'ana pansi, kumiyendo kwa bedi. Panali pouma. Koma simenti ya pamenepo inali yoderapo kuposa pena ponse, ndipo iye anali ataimapo ndendende. Anasuntha msanga, mapazi atazizira.

"Dzina lake," agogo anatero.

Anawawerengera. Agogo analibwereza katatu, pang'onopang'ono, ngati mwana wa sukulu woopa kuiwala. Kachitatuko sanayang'ane Fotokope, anayang'ana kumbuyo kwake.

"Ndiye basi?" azakhali anaphulika. "Mayi anu, agogo athu, anafa ali namfedwa, anakana amuna onse, ife takula tikunyadira munthu woti anangothawa banja, inu mukuloweza dzina la mlendo? Seriyasi, ababa?"

Fotokope anagwada pafupi ndi pilo. Mtima unkamuuza kuti wathyola chinthu, ndiye ankafuna apereke kenakake m'malo mwake.

"Agogo, atate anu enieniwo ndikhoza kuwatsata. Doko limene anatsikira ndalipeza. Mundipatse mwezi umodzi, ndipeza komwe anakakhala, komwe anaikidwa. Mwina muli ndi azibale anu kumeneko."

"Eya, awatsate," azakhali anatero. "Tidziwe chimene anakapeza kumeneko choposa mwana wawo. Ababa, muuzeni awatsate."

"Asiye," agogo anatero. "Amenewo sanabwerepo ngakhale kutulo."

Azakhali anatembenuka, anakankha chitseko ndi phewa, n'kutuluka.